Dr James Aggrey, mphunzitsi amene anayendera sukulu za dziko lino mu 1924

Ana athu a kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma akamaphunzira za ulimi ndi zaumoyo m'kalasi, ndi ochepa mwa ife amene timadziwa kuti maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Mmodzi mwa anthu amene anawalimbikitsa ndi malemu Dr James Emman Kwegyir Aggrey, mbadwa ya dziko la Ghana, lomwe panthawiyo linkatchedwa Gold Coast.

A Aggrey anabadwa pa 18 Okutobala 1875 ku Anomabu, m'mbali mwa nyanja yaikulu. Anaphunzira pa sukulu ya Mpingo wa Methodist ku Cape Coast, ndipo adakali mnyamata anayamba kale kuphunzitsa anzawo. M'chaka cha 1898 anapita ku America, pa sukulu ya ukachenjede ya Livingstone mumzinda wa Salisbury, m'chigawo cha North Carolina. Kumeneko anazama m'maphunziro osiyanasiyana kuphatikizapo a sayansi monga chemistry ndi physics, namaliza mu 1902. Anaphunzitsa pa sukulu yomweyo zaka zambiri, akutumikiranso ngati mbusa wa Mpingo wa AME Zion pakati pa alimi achikuda osauka, omwe anawathandiza kuyambitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Mu 1905 anamanga banja ndi mayi Rose Douglas.

Kamba ka luso lawo, bungwe la Phelps-Stokes linawasankha kukhala m'gulu la akatswiri lomwe, motsogozedwa ndi Dr Thomas Jesse Jones, linatumidwa kukaunika maphunziro mu Africa. Ulendo woyamba wa 1920 ndi 1921 unawafikitsa kumayiko a kuzambwe kwa Africa, ku Congo, ku Angola ndi ku South Africa. Ku Johannesburg, mmodzi mwa achinyamata amene anakhudzidwa ndi malankhulidwe awo anali Hastings Kamuzu Banda, yemwe pambuyo pake anapita kukaphunzira ku America.

Ulendo wachiwiri, wa mu 1924, ndi umene unawabweretsa kuno ku Nyasaland. Masiku amenewo pafupifupi sukulu zonse zinali m'manja mwa amishoni, ndipo boma la atsamunda linkaperekapo ndalama zochepa zedi. Gululi linalangiza kuti boma ndi mipingo zigwirane manja, aphunzitsi asulidwe bwino, ndipo maphunziro akhudze moyo wa pamudzi: munda, madzi abwino, ukhondo, kalera ana ndi makhalidwe. Mu 1926 boma linakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro, ndipo patapita zaka zochepa sukulu ya Jeanes inatsekulidwa ku Domasi, komwe aphunzitsi ankaphunzira pamodzi ndi akazi awo kuti akakhale chitsanzo m'midzi.

Tiyenera kunena zoona kuti malangizowa anali ndi mbali ina yowawa. Akatswiri a mbiri amadandaula kuti atsamunda anawagwiritsa ntchito potsekereza Afirika ku maphunziro apamwamba, kuti akhale alimi ndi amisiri basi. Koma moyo wa a Aggrey eni ake ukuonetsa kuti iwo sanakhutire ndi khasu lokha. Atabwerera kwawo anakhala wachiwiri kwa mkulu wa sukulu ya Achimota pafupi ndi Accra, yomwe inatsekulidwa mu 1927, ndipo anaumirira kuti atsikana aphunzire limodzi ndi anyamata, poona kuti maphunziro a mayi amapindulira banja lonse. Chizindikiro cha sukuluyi ndi makiyi oyera ndi akuda a limba, chokumbutsa chiphunzitso chawo chakuti nyimbo yokoma imafuna mitundu yonse iwiri. Kwame Nkrumah, mtsogoleri woyamba wa Ghana, anali mmodzi mwa ophunzira amene anawalemekeza kwambiri.

A Aggrey anamwalira ndi matenda oumitsa khosi pa 30 Julaye 1927 ku New York, komwe anapita kukatsiriza maphunziro awo pa yunivesite ya Columbia. Anali ndi zaka 51.

Iwo sanali Mkatolika, komabe moyo wawo ukutifunsa ife makolo, aphunzitsi ndi akatekisiti mafunso olasa mtima. Kodi atsikana angati a m'Miphakati yathu asiya sukulu chaka chino chifukwa cha ukwati kapena ntchito ya fodya? Kodi mwana amene waphunzira za majeremusi m'kalasi amapeza chimbudzi ndi madzi otetezedwa akafika kunyumba? Tikakumana pa Mphakati sabata ino, tiwerenge mayina a ana amene sakupita kusukulu, ndipo tikacheze ndi makolo awo.