LOUIS BRAILLE, MPHUNZITSI WA ANA AKHUNGU (1809–1852)

M'mwezi wa January muli masiku awiri amene anthu osaona a m'maiko ambiri amawakumbukira: tsiku la 4, limene Louis Braille anabadwa m'caka ca 1809, ndi tsiku la 6, limene anamwalira m'caka ca 1852. Munthu ameneyu anali mphunzitsi wa ana akhungu, nayenso wakhungu, ndipo zaka za moyo wace zinali 43 zokha. Koma zilembo zimene iye anakonza ndizo zimene akhungu ophunzira amawerenga nazo kufikira lero lino. Mbiri yace iyenera kumveka m'midzi ya ku Chama, kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, ndi kwina kuli konse kumene kuli mwana wosaona amene amatsala pakhonde pamene anzace alikupita ku sukulu.

Ubwana wace

Louis anabadwira m'mudzi wa Coupvray, ngati mamailosi 25 kum'mawa kwa mzinda wa Paris, m'dziko la France. Atate wace, Simon-René Braille, anali mmisiri wa zikopa, wosoka zishalo ndi zingwe za akavalo; amai wace dzina lao anali Monique. Mwa ana anai a m'banjamo Louis ndiye anali mzime. Tsiku lina, ali ndi zaka 3, analowa m'nyumba imene atate wace anali kugwiriramo nchito, natenga kacitsulo kosongoka kuti ayese pa cikopa monga anaonera akuru. Kacitsuloko kanaterereka nikamlasa m'diso. Masiku amenewo kunalibe mankhwala oletsa bala kutukusira, cotero nthenda inalowanso m'diso linzace, ndipo pofika zaka 5 mwanayo sanathenso kuona kanthu.

Pa nthawi imeneyo akhungu ambiri a ku France anali kukhalira kupempha m'miseu. Makolo a Louis sanafune kuti mwana wao adzatero. Sanambise m'nyumba, ndiponso sanamcitire zinthu zonse ngati khanda. Atate wace anamsemera ndodo, ndipo mwanayo anaphunzira kuyenda yekha m'njira za m'mudzi.

M'caka ca 1815 ku Coupvray kunafika wansembe watsopano, dzina lace Jacques Palluy. Iye anaona kuti mwana wakhunguyo ali ndi nzeru, nayamba kumphunzitsa pakamwa. Pambuyo pace anapempha mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzimo, Antoine Bécheret, kuti amlandire pamodzi ndi ana openya. Bécheret anabvomera. Louis sanathe kuwerenga buku kapena kulemba pa sileti, koma anali kumvetsera ndi kusunga zonse mumtima, ndipo anakhala mmodzi wa ana okhoza bwino m'sukulumo. Amuna awiriwa analibe buku la akhungu, ndipo panalibe amene anawaphunzitsa nchito yotere. Iwo anangoyang'ana zimene mwanayo anatsala nazo, ndizo makutu, zala ndi nzeru, nayambira pomwepo.

Ku sukulu ya ku Paris

M'mwezi wa February 1819, ali ndi zaka 10, Louis anapatsidwa malo pa sukulu ya ana akhungu ya ku Paris. Sukuluyo anaiyamba ndi Valentin Haüy zaka zoposa 30 m'mbuyomo, ndipo inali imodzi ya sukulu zoyamba za mtundu umenewu pa dziko lapansi. Nyumba yace inali yakale, yamdima ndi yacinyontho, kotero kuti ana ambiri anali kudwaladwala. Anawo anaphunzira galamala, masamu, nyimbo ndi nchito za manja.

Mabuku a pa sukulupo anali ndi zilembo zomwezo za anthu openya, koma zazikuru ndi zotukuka pa pepala lokhuthala kuti cala cizitsata. Mabukuwo anali olemera, okwera mtengo ndi owerengeka. Kuwerenga kwace kunali kwa pang'onopang'ono, pakuti cala cinayenera kuyenda mozungulira cilembo ciri conse, ndipo zilembo zofanana monga O ndi Q zinali kusokoneza. Coipa coposa cinali cakuti mwana sakanatha kulemba yekha zimene iye mwini akanawerenganso. Bvuto linali lakuti zilembo zimenezo zinapangidwira diso, limene limatsata mizere mosabvuta. Koma nsonga ya cala imamva kadontho msanga kuposa mzere.

M'caka ca 1821 pa sukulupo panafika njira ina yolembera, yokonzedwa ndi Charles Barbier, amene kale anali mkuru wa asilikari. Iye anasiya mizere nagwiritsa nchito timadontho totukuka, tobooledwa ndi kacitsulo. Mkuru watsopano wa sukulu, Alexandre-René Pignier, analola anawo kuti aiyese njirayo, namvetsera zimene iwo ananena. Anawo anakondwera nato timadonthoto, koma anapezamo zobvuta. Cizindikiro cimodzi cinali kufika pa timadontho 12, cotalika kuposa nsonga ya cala. Ndiponso zizindikirozo zinaimira kamvekedwe ka mau a Cifalansa, wosati zilembo, cotero mwana sakanaphunzira nazo kalembedwe koyenera.

Timadontho 6

Louis, ali ndi zaka 12, anayamba kuyesa njira yace. Anali kuboola mapepala usiku anzace atagona, ndiponso kwao ku Coupvray pa nthawi ya chuti. Pofika caka ca 1824, ali ndi zaka 15, maziko a njira yace anali atakhazikika.

Njirayo iri cotere. Cilembo ciri conse ciri ndi malo a timadontho 6, m'mizere iwiri yoimirira, monga maenje a nsolo: malo 1, 2 ndi 3 kumanzere kutsika pansi, ndi malo 4, 5 ndi 6 kumanja. Kadontho kali konse n'kocepa ngati njere ya mawere, ndipo cilembo conse cimakwanira pansi pa nsonga ya cala cimodzi. Kadontho ka pa malo 1 kokha ndiko a. Ka pa 1 ndi ka pa 2 ndiye b. Ka pa 1 ndi ka pa 4 ndiye c. Zilembo 10 zoyamba, kuyambira a kulekeza j, zimakhala pa malo anai a pamwamba okha. Zilembo 10 zotsatira ndi zomwezo, kungoonjezapo kadontho ka pa malo 3. Cotero mwana akadziwa khumi loyamba, laciwiri silimbvuta. Cizindikiro cina cikaikidwa patsogolo, zilembo zoyambazo zimasanduka manambala. Pa malo 6 amenewa pamaturuka zizindikiro 63, zokwanira zilembo, manambala, zopumira ndi nyimbo zomwe.

Polemba, pepala limapanidwa m'cipangizo cokhala ndi timazenera tating'ono, ndipo wolemba amadinda timadontho ndi kacitsulo kosongoka, kucokera kumanja kunka kumanzere. Akatembenuza pepalalo amawerenga kucokera kumanzere monga anthu onse. Motero wakhungu anatha kulemba kalata, kusunga maphunziro ace ndi kuwerengera ndalama zace popanda kupempha maso a munthu wina. Buku lofotokoza njirayi linasindikizidwa m'caka ca 1829, ndipo linaturukanso lokonzedwa bwino m'caka ca 1837.

Nchito yace ya uphunzitsi

Louis sanacoke pa sukulupo. M'caka ca 1828 anakhala mphunzitsi wothandiza, ndipo m'caka ca 1833 mphunzitsi weniweni, wophunzitsa mbiri yakale ndi masamu. Anali wodekha ndi wofotokoza zinthu mwacidule. Popeza anakhalapo pa mabenci omwewo, anadziwa pamene mwana wakhungu amapunthwa. Malipiro ace anali ocepa, koma anali kuthandiza nao ophunzira osauka ndi mabwenzi osowa. Analinso katswiri woyimba limba lalikuru la m'chalichi, ndipo kuyambira 1834 kufikira 1839 anali kuyimba m'chalichi ca Saint-Nicolas-des-Champs ku Paris. Anali munthu wopemphera moyo wace wonse.

Koma njira yace inapeza adani. Aphunzitsi ena openya ananena kuti zilembo zosiyana ndi za anthu onse zidzapatula akhungu kwa abale ao. Nkhawa imeneyi Louis sanainyoze. M'caka ca 1839 anaonetsa njira ina yoboolera timadontho m'maonekedwe a zilembo wamba, kuti wakhungu alembere kalata munthu wopenya. Ndipo mnzace wina wakhungu, Pierre Foucault, anapanga makina othandiza pa nchitoyo. Ngakhale zinali tero, m'caka ca 1840 Pignier anacotsedwa, ndipo amene analowa m'malo mwace, Pierre-Armand Dufau, analetsa zilembo za timadontho pa sukulupo. Anawo sanazisiye. Anali kuphunzitsana mobisa, akuru kuphunzitsa ang'ono, ndi kuboola mapepala ndi misomali kapena singano.

Wothandiza wa Dufau, dzina lace Joseph Guadet, anaona kuti ana alikuwerenga msanga ndi njira yoletsedwayo kuposa ndi yololedwa, nakopa mkuru wace kuti asinthe mtima. M'mwezi wa February 1844, pa tsiku lotsegula nyumba yatsopano ya sukulu, njirayo inaonetsedwa pamaso pa khamu la anthu. Mwana wina analemba mau amene anauzidwa pomwepo, ndipo mnzace amene anali kunja anaitanidwa, nawerenga mauwo ndi zala zace. Umboni wa ana unatha mlandu umene akuru analikukangana.

Imfa yace

Kuyambira ali mnyamata wa zaka za m'ma 20 Louis anali kudwala cifuwa cacikuru. Nthendayo inakula pang'onopang'ono kufikira analeka maphunziro ambiri, nangotsala ndi ocepa. Asanamwalire anakhululukira amene anali naye ngongole, nalandira masakramenti a mpingo wace. Anamwalira pa 6 January 1852, naikidwa kwao ku Coupvray. Zilembo zace zinabvomerezedwa mwa lamulo pa sukulu yace yomwe m'caka ca 1854, mwini wace atagona m'manda zaka ziwiri. M'caka ca 1878 msonkhano wa aphunzitsi a akhungu ocokera m'maiko osiyanasiyana, umene unacitika ku Paris, unasankha njira yace. M'caka ca 1952 boma la France linasamutsira mafupa ace ku Panthéon, nyumba imene amaikamo anthu omveka a mtundu wao; koma mafupa a manja ace anatsala ku Coupvray, monga anapempha anthu a m'mudzimo.

Kucokera ku Paris kufika ku Magwero

Popeza zizindikiro za Braille zimaimira zilembo, zimatha kulemba cinenero ciri conse ca zilembo zomwezo, Cinyanja ndi Citumbuka comwe. Kuno ku Zambia maphunziro a akhungu anayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, pa mishoni ya Dutch Reformed Church imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1899. M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu kumeneko. Iwo atamwalira m'caka ca 1910, nchitoyo inapitirira m'manja mwa Ella Botes, ndipo m'caka ca 1955 pa Magwero panatsegulidwanso sukulu ya ana ogontha. Kuyambira 1971 ku Lusaka kwakhala kukuphunzitsidwa aphunzitsi a ana olumala.

Koma kucokera ku Chama kufika ku Magwero ndi ulendo wautali wodzera ku Lundazi, ndipo m'dzinja njira za m'cigwa ca Luangwa zimabvuta. Cifukwa cace mphunzitsi woyamba wa mwana wosaona kawirikawiri adzakhala wa sukulu ya m'mudzi, monga anali Bécheret. Mphunzitsi wotere angathe kucita zambiri. Zonse zimene alemba pa bolodi azinene mokweza. Mwanayo amuitane ndi dzina, pakuti kuloza ndi cala sakuona. Pophunzitsa masamu amuikire miyala kapena njere za cimanga m'manja. Pophunzitsa za dziko aumbe mapiri ndi dothi, mitsinje aiyale ndi cingwe. Mabenci asasunthidwe mwanayo osauzidwa. Woona pang'ono akhale patsogolo pamene pali kuwala, ndipo wosamva bwino akhale pamene aona nkhope ndi milomo ya mphunzitsi. Anzace amperekeze m'njira, koma asamyankhire mafunso. Dzina lace lilembedwe ku ofesi ya maphunziro pa boma, kuti apeze zipangizo ndi malo pa sukulu yophunzitsa zilembo za Braille.

Makolo naonso ali ndi mbali yao. Khungu la Louis linayamba ndi diso limodzi, nilifalikira ku linzace. Mwana akalasidwa m'diso, kapena maso akafiira pa nthenda ya cikuku, apite naye msanga ku cipatala, ndipo asamthire madzi a zitsamba m'maso. Ngati maso apita ndithu, mwanayo asacedwetsedwe pakhomo, pakuti m'mera mpoyamba.

Coposa zonse, mphunzitsi afunse mwanayo cimene cimamthandiza ndi cimene cimambvuta, ndipo amvere yankho lace. Pignier anatero, ndipo mnyamata wa zaka 15 anapeza cimene amuna ophunzira anacifunafuna zaka 40 osacipeza. Dufau analetsa osafunsa, nacedwetsa nchito yabwino. Mpingo umene uli ndi mwana wosaona m'midzi yace uyenera kumfunafuna, kulankhula ndi makolo ace, ndi kumperekeza kwa mphunzitsi, monga anacitira wansembe wa ku Coupvray.