JOHN BUNYAN, WOKONZA MAPOTO AMENE ANALEMBA MALOTO

Alipo abale ena pakati pathu amene ayesa kuti nkhani iri yonse yopeka ndi bodza, ndi kuti munthu wa mpingo sayenera kutaya nthawi yace poiwerenga. Mlandu umenewu suli wa lero. Unasautsa kale munthu wa ku England, dzina lace John Bunyan, ndipo tifuna kuti mumve m'mene iye anauweruzira.

Bunyan anabadwa caka ca 1628 m'mudzi wa Elstow, pafupi ndi mzinda wa Bedford. Atate wace anali mmisiri wosauka, wokonza mapoto ndi maketulo obooka, ndipo mwanayo anaphunzira nchito yomweyo. Sukulu anangoilawa, kufikira anadziwa kuwerenga ndi kulemba. Pa unyamata wace anakonda timabuku ta mtengo wocepa tosimba za ngwazi zolimbana ndi zimphona, ndiponso nyimbo zogulidwa pamsika. Pakamwa pace panadzala zotukwana. Pofika zaka 16 analowa usilikari pa nkhondo ya pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo, nakhalamo kufikira 1647.

Atakwatira, iye ndi mkazi wace analibe ngakhale mbale kapena supuni. Koma mkaziyo anadza ndi mabuku awiri a cipembedzo amene atate wace anamsiyira, ndipo ankawawerenga pamodzi. Tsiku lina, ali pa nchito yace ku Bedford, anamva amai osauka atakhala pakhomo kuothera dzuwa, alikukambirana za kubadwa mwatsopano. Mau awo anamlasa mtima. Anabvutika zaka zingapo ndi mantha a cionongeko, kufikira analowa mpingo wa mbusa John Gifford, napeza mtendere, nayamba kulalikira.

Caka ca 1660, Charles II atakhala pa mpando waufumu, Bunyan anagwidwa cifukwa ca kulalikira wopanda cilolezo. Akadalonjeza kuleka akadamasulidwa, koma anakana, nakhala m'ndende ya ku Bedford zaka 12. Mkazi wace woyamba anali atafa. Waciwiri, Elizabeth, anatsala ndi ana anai, mmodzi wa iwo Mary, wakhungu, amene kumkumbukira kunawawitsa mtima wa atate wace koposa zonse. Kuti anawo adye, Bunyan ankakonza zingwe zomangira nsapato ndi zobvala. Mabuku amene anali nawo m'menemo ndiwo Buku Lopatulika ndi buku la John Foxe la mbiri ya ofera cikhulupiriro.

M'ndende ndimo munayambira buku la Ulendo wa Mkristu. Polemba buku lina la ciphunzitso, anaona kuti maganizo ace atembenuka nkhani ya munthu wosenza katundu wolemera kumbuyo, wothawa mzinda woti uonongeke. Anailemba padera, pa nthawi zopuma, monga maloto, osaganiza konse za kuisindikiza. Munthuyo amira m'thope, apyola msika wa zinthu zacabe, atsekeredwa ndi cimphona cotayitsa mtima, napulumuka ndi mfungulo ya malonjezano imene inali pacifuwa pace. Taonani, zimphona za m'timabuku ta unyamata wace zinabweranso, koma tsopano ziri pa nchito ya coonadi.

Pamene anaonetsa abwenzi ace zolembazo, anagawikana. Ena anati zisindikizidwe. Ena anakana, poti nzopeka, ndi kuti zinthu zopatulika siziyenera kubvekedwa nthano. Bunyan anawayankha m'ndakatulo imene anaika patsogolo pa bukulo. Anawakumbutsa kuti aneneri ndi Ambuye mwini anaphunzitsa m'mafanizo, ndi kuti msodzi sagwira nsomba zonse ndi njira imodzi. Bukulo linaturuka 1678, ndi gawo laciwiri, la ulendo wa mkazi wa Mkristu ndi ana ace, 1684. Lamasuliridwa m'zinenero zoposa 200, ndi m'Cinyanja momwe.

Ife tiyesa kuti Bunyan anaweruza bwino. Bodza lifuna kubisa coonadi. Fanizo lifuna kuciululira munthu amene akadacikana cikadadza poyera. Natani akadamdzudzula Davide molunjika, kapena mfumu ikadaumitsa mtima. Koma inatsutsika ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka. Agogo athu omwe, posimba za Kalulu ndi Fisi madzulo pamoto, sananamize mwana ali yense. Cifukwa cace pogwira buku la nkhani kapena la ndakatulo, funso lisakhale lakuti kodi izi zinacitikadi, koma lakuti kodi zitionetsa mtima wa munthu monga uli, ndipo zitisiya otani tikatseka buku. Zilipo nkhani zongonyengerera zilakolako; zimenezo tizitaye. Koma sitigwetsa nkhokwe cifukwa ca cimanga cimodzi cofumbwa.

Bunyan analemba mabuku ngati 60, ndipo limodzi linali la ndakatulo za ana. Caka ca 1688 anakwera kavalo kunka ku Reading kukayanjanitsa atate wina ndi mwana wace. Popita ku London anabvumbwa mvula yaikuru, nagwidwa ndi malungo, namwalira pa 31 August. Manda ace ali ku Bunhill Fields.

Inu amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu bukuli madzulo, gawo limodzi limodzi, ndipo mufunsane amene mwakomana naye m'njiramo. Ndipo inu acinyamata amene mumva nkhani kapena nyimbo ikubadwa mumtima, musacite nayo manyazi. Ilembeni m'cinenero canu, monga anacitira wokonza mapoto wa ku Elstow.