Alice Guy: mayi amene anatsegula njira ya mafilimu, dziko n'kumuiwala

Mutalowa m'vidiyo sho ina iliyonse pa boma la Mwanza n'kufunsa dzina la dayirekita mmodzi wamkazi, ambiri angokanda m'mutu. Chonsecho, mmodzi mwa anthu oyambirira kufotokoza nthano ndi kamera anali mkazi, Alice Guy.

Alice anabadwa pa 1 Julayi 1873 ku Saint-Mandé, kufupi ndi Paris m'dziko la France. Bizinesi ya bambo ake yogulitsa mabuku ku Chile italowa pansi, iye anaphunzira kutaipa kuti azithandiza mayi ake. Mu 1894 anapeza ntchito ya usekiritale pa kampani ya makamera yomwe kenako inadzakhala ya Léon Gaumont.

Nthawi imeneyo filimu kunali kungojambula sitima ikufika kapena antchito akuweruka, basi. Alice anaona kuti kamera ingathenso kusimba nkhani. Anapempha bwana wake, ndipo anamulola bola ntchito ya muofesi isaime. Filimu yake yoyamba, La Fée aux choux, inali ya mkazi wamatsenga wotola makanda m'munda wa kabichi. Posakhalitsa, sekiritale uja anakhala mkulu wa zopanga mafilimu pa Gaumont. Mu 1906 anatulutsa filimu yaikulu ya moyo wa Yesu, komanso ina yoseketsa momwe abambo akusoka ndi kulera ana, amayi ali pheee kumowa.

Mu 1907 anakwatiwa ndi Herbert Blaché n'kusamukira ku America. Mu 1910 anatsegula kampani yake, Solax, ndipo mu 1912 anamanga situdiyo ku Fort Lee, New Jersey, ya ndalama zoposa madola 100,000. Chaka chomwecho anajambula A Fool and His Money, yomwe ochita sewero onse anali anthu akuda, zinthu zosowa kwambiri masiku amenewo.

Kenako zinthu zinatembenuka. Msika wa mafilimu unasamukira ku Hollywood, mwamuna anamuthawa, situdiyo inagulitsidwa chifukwa cha ngongole. Filimu yake yomaliza inatuluka mu 1920, ndipo mu 1922 anabwerera ku France ndi ana awiri. Sanapatsidwenso mwayi wowongolera filimu.

Chowawa kwambiri n'chakuti olemba mbiri anayamba kupereka ntchito zake kwa amuna amene ankagwira ntchito pansi pake. Ukalamba wake unathera kusakasaka mafilimu ake ndi kukonza mabodzawo. Anamwalira pa 24 Malichi 1968 ali ndi zaka 94, buku la mbiri yake lisanapeze wolisindikiza. Linatuluka mu 1976.

Kwathu kuno njira ilipo kale. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya AMVCA ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Ndiye achemwali a ku Thambani kapena pa boda, foni ili m'manja mwanuyo ikuposa kutali kamera imene Alice anayambira. Nkhani nazo n'zosasowa: mayi wa manachesi pamsewu, mtsikana wodikira chibwenzi chomwe chinapita ku Joni.

Koma phunziro la Alice musaliphonye. Mukajambula, dzina lanu lilembedwe pa filimupo, kope yoyamba musunge nokha, ndipo mgwirizano wa ndalama ukhale papepala. Apo ayi, mudzaona mnzanu amene anangogwira kamera akutchedwa dayirekita, inu muli chiwonerere.