Dotolo Robert Laws, Mbusa wa ku Khondowe

Pa chikondwerero chathu chino taganiza zokumbutsana za moyo wa mbusa mmodzi amene ntchito yake inafika mpaka kuno ku Uraha. Mbusayo ndi Dotolo Robert Laws.

A Laws anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1851. Bambo awo anali mmisiri wa matabwa, ndipo iwonso anayamba aphunzira ntchito yomweyo. Pambuyo pake anaphunzira zaubusa ndi zaudotolo. M'chaka cha 1875, ali ndi zaka 24, anafika pa nyanja yathu ino ndi sitima ya Ilala, nayamba ntchito ku Cape Maclear.

Kumeneko zinthu sizinayende bwino. Malungo anavuta kwambiri, ndipo anzawo angapo anaikidwa m'manda komweko. Zinapita zaka zoposa zisanu asanabatize munthu. Woyamba kubatizidwa anali Albert Namalambe, m'chaka cha 1881. Wina akanamanga katundu nkubwerera kwawo, koma iwo anapirira. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe, kumwera kwathu kuno, kumene lero timati ku Livingstonia.

Pa phiripo anatsegula sukulu yaikulu ya Overtoun. Kumeneko kunachokera aphunzitsi, akalaliki, amisiri, othandiza m'chipatala ndi alaliki amene anayenda m'midzi ya kunyanja kuno. Mu 1914 abusa atatu oyamba a mtundu wathu anadzozedwa: a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa. Mu 1924 mpingo wa C.C.A.P. utakhazikitsidwa, a Laws ndiwo anasankhidwa kutsogolera Sinodi yoyamba.

Ife amayi tisaiwale Mayi Margaret Laws, amene anakwatiwa nawo ku Blantyre mu 1879. Mwa ana onse amene Mulungu anawapatsa, anakula mmodzi yekha, dzina lake Amelia. Amene tinaikako mwana tikudziwa kuwawa kwake. Nanga kuli bwanji kulira maliro otere uli kutali ndi amayi ako ndi abale ako? Mayiwa anamwalira mu 1921.

A Laws sanali mngelo. Anali munthu wa malamulo ouma, ndipo ambiri anadandaula kuti anachedwa kudzoza abusa achikuda ngakhale maphunziro anali atatha kale. Komabe zimenezi sizifafaniza zaka 52 zimene anatumikira dziko lino. Anachoka mu 1927 atakalamba, namwalira ku London mu 1934. Ankalakalaka kuti pa Khondowe padzakhale yunivesite, koma sanaione ndi maso. Inatsegulidwa mu 2003, patapita zaka 69 iwo atagona.

Apa ndipo pali phunziro lathu. Mbusa amadzala mtengo umene zipatso zake amadya ndi ena. Lero dzina la Laws timalitchula mwaulemu, koma mwiniwake sakumva. Abusa amene angamve kuthokoza kwathu ndi awa tili nawowa. Iwonso anasiya kwawo. Timawadzutsa usiku kukakhala matenda, amayenda mtunda wautali kukaika maliro athu, ndipo ana awo amasintha sukulu nthawi iliyonse Sinodi ikawasamutsa. Mtumwi Paulo analangiza Akhristu a ku Tesalonika kuti azilemekeza owatsogolera chifukwa cha ntchito yawo. Malangizowa ndi athunso.

Tsono tichitenji? Tisadikire tsiku lotsanzikana kapena la maliro. Tikakolola mpunga kapena kusinja chinangwa, tikumbukire kunyumba ya abusa. Mtolo wa nkhuni ndi mbale ya usipa si zinthu zochepa. Chopereka tizipereka pa nthawi yake kuti malipiro awo asachedwe. Amayi busa tiziwayendera ngati mbale wathu, osati kungowerenga zolakwa zawo. Abusa opuma pa ntchito ndi akazi amasiye a abusa tisawataye. Ngati abusa alakwitsa, nkhaniyo ipite kwa akulu a mpingo, osati kuchitsime.

Koposa zonse tiziwapempherera, ndipo ulaliki ukatithandiza tiziwauza ndi pakamwa pathu kuti zikomo.

Ambuye akudalitseni nonse.

Mlembi wa Umanyano, Uraha