A NORMAN CARR, MLENJE AMENE ANASIYA MFUTI M'CIGWA CA LUANGWA

Anthu a ku Mfuwe sanaiwale dzina la a Norman Carr. Anabadwa mu 1912 ku Chinde, m'dziko la Mozambique, kumene Zambezi atsirira m'nyanja. Atakula anagwira nchito ya boma yopha njovu zimene zinali kuononga minda m'cigwa ca Luangwa.

Cigwaci ndi cotentha, ndipo kashembe salola ng'ombe kukhalako. M'dzinja mtsinje umasefukira ndi kusiya zithaphwi kumene nyama zimasonkhana m'cilimwe. Akunda anali kudalira khasu ndi uzimba, kotero kuwauza kuti aleke kusaka sinali nkhani yaing'ono.

Komabe mu 1950 a Carr anapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti ipatule mbali ina ya dziko lace ikhale ya nyama. Anamanga msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendowo analipira zinapita kwa eni dziko. M'masiku a atsamunda cimeneci cinali cacilendo ndithu.

Ndiwonso anabukitsa maulendo oyenda pansi m'thengo, mlendo atanyamula kamera m'malo mwa mfuti. Ali ku Kafue analera ana awiri a mkango, Big Boy ndi Little Boy, nawabwezera kuthengo ku Luangwa. Nkhaniyi anailemba m'buku lochedwa Return to the Wild mu 1962.

Mu 1972 South Luangwa inakhala National Park. Koma zipembere zimene anayesetsa kuteteza zinatha ndi mfuti za opha nyama mobisa iwo akali moyo. Anamwalira mu 1997.