Coulomb ndi Chileyi Chake

Aphunzitsi a sayansi timalidziŵa dzina la Coulomb kudzera m'phunziro la magetsi. Koma asanatchuke ndi magetsi, mkuluyu anayamba walimbana ndi funso limene limapunthwitsa ophunzira athu chaka ndi chaka: kodi liŵiro la chinthu chimene tikuchikankha limakula motani pamene chikukhulana ndi pansi?

Charles-Augustin de Coulomb anabadwa pa 14 Juni 1736 mu mzinda wa Angoulême ku France. Anaphunzira umisiri wa zomangamanga pa sukulu ya asilikali ku Mézières, ndipo mu 1764 anamtumiza ku chilumba cha Martinique kukayang'anira ntchito yomanga linga la Fort Bourbon. Matenda a kumeneko anamfoola kwambiri, kotero kuti atabwerera kwao mu 1772 thupi lake silinakhalenso lolimba.

Mu 1779 anapita kukagwira ntchito ku Rochefort, doko limene ankakhomerako zombo za nkhondo. Nthaŵi yomweyo bungwe la akatswiri a sayansi ku Paris linali litalengeza mpikisano: linkafuna munthu wofotokoza za kuuma kwa zingwe ndi za kukhulana kwa zinthu, kumene mabuku athu a Chingelezi amakutcha friction. Guillaume Amontons anali atanena kale mu 1699 kuti kukhulanaku kumakula molingana ndi kulemera kwa katundu, koma ambiri ankakayikabe. Coulomb anakhoma chileyi, nachiika pa thabwa lalitali, nachimangirira chingwe chodutsa pa kagudumu, ndipo kumapeto kwa chingwecho anapachikako zolemera. Ankasintha katundu, mtundu wa matabwa ndi zitsulo. Nthaŵi zina ankapaka mafuta, nthaŵi zina ayi. Zimene analemba zinapambana mphoto mu 1781.

Chimene chimatikopa ife aphunzitsi ndi njira yake. Kukhulana sikuoneka ndi maso, choncho iye ankaŵerenga nthaŵi imene chileyi chinkatenga kuyenda mtunda wodziŵika, napeza m'mene liŵiro linkakulira, ndipo kuchokera pamenepo ankadziŵa mphamvu imene yatayika panjira. Anapezanso kuti kuyambitsa chinthu kuyenda kumafuna mphamvu yambiri kuposa kuchipitiriza, ndi kuti thabwa likakhalitsa pa linzake limagwira zolimba. Aliyense amene anakankhapo kabati yodzaza mabuku amazidziŵa zimenezi m'mapewa mwake.

Ife m'kalasi timayenda chobwerera. Tiyerekeze bokosi la makilogalamu 20 likukankhidwa chopingasa ndi mphamvu ya manyutoni 100, ndipo nambala ya kukhulana kwake ndi simenti ndi 0.3. Bokosilo limapanikiza pansi ndi manyutoni pafupifupi 200, choncho kukhulana ndi 0.3 kuchulukitsa ndi 200, ndiye manyutoni 60. Otsala ndi 40, ndipo tikawagaŵa ndi 20 monga mwa lamulo lachiŵiri la Newton, tipeza kuti liŵiro likukula ndi mamita 2 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Mwana woiŵala kuchotsera amalemba 5, ndipo malikisi onse apita.

Cholakwa china nchobisika, ndipo tachiona ngakhale mwa ophunzira uphunzitsi athu. Tikatsitsa mphamvu kufika pa manyutoni 50, ambiri amachotsa 60 mwa 50 nalemba yankho lokhala ndi chizindikiro chochotsera, ngati kuti bokosi lidzabwerera kudzagunda wolikankhayo! Zoona zake nzakuti bokosi limene linali chiimire silisuntha konse, pakuti kukhulana kumangobweza manyutoni 50 omwewo. Mwana amamva msanga zimenezi akaziona yekha. Njerwa, thabwa, chingwe ndi kachitini kothiramo mchenga pang'onopang'ono nzokwanira kubwereza ntchito ya ku Rochefort. Agoneke njerwayo chafufumimba, kenaka aiimike cham'mbali, ndipo adzadabwa kuona kuti mchenga wofunika ndi wofanana ndithu.

Mu 1785 Coulomb anafalitsa lamulo lake la magetsi. Pa nthaŵi ya chipwirikiti chimene chinayamba mu 1789 anatula pansi ntchito ya usilikali nakakhala kumudzi pafupi ndi Blois. Mu 1802 boma linamsankha kukhala mmodzi wa oyendera sukulu m'dziko lonse la France, ntchito imene anaigwira ali wofooka kale. Anamwalira ku Paris pa 23 Ogasiti 1806, ali ndi zaka 70.