Raymond Dart: katswiri amene anafufuza chiyambi cha munthu poyerekeza ubongo

Malemu a Raymond Dart anabadwira ku Brisbane m'dziko la Australia m'chaka cha 1893. Atatsiriza maphunziro a udokotala, anakazama pa za ubongo ku London, ndipo mu 1923 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg.

Mu 1924 iwo analandira chigaza cha mwana chomwe chinafukulidwa pamgodi wa laimu ku Taung. Dothi lomwe linalowa m'chigazacho linali litasanduka mwala wosunga maonekedwe a ubongo. Atauyerekeza ndi ubongo wa anyani akuluakulu komanso wa munthu, a Dart anaona kuti ngakhale unali waung'ono, kapangidwe kake kanali kopendekera kwa munthu. Malo a bowo lodzera mtsempha wa msana anasonyezanso kuti mwanayo ankayenda ndi miyendo iwiri.

Akatswiri ambiri a ku Ulaya anakana zotsatirazi, kufikira mu 1947 pamene a Robert Broom anafukula chigaza china ku Sterkfontein.

A Dart anamwalira mu 1988. Chibwano chomwe chinapezeka ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991 chinawonjezera umboni wakuti munthu anayambira mu Africa muno.